Msewu ukatsekedwa ku Tete muli ndi ana m'galimoto, chitani izi

Mabanja ambiri ochokera ku Malawi amadutsa kuno kwathu ku Tete, m'dziko la Mozambique, popita ku Harare kapena ku Joni. Amalowera pa Zóbuè kapena pa Calómuè n'kukatulukira pa Cuchamano, ena atakwera galimoto zija zokhala ndi pogona ndi pophikira pomwe. Nyengo yadzinja ulendowu umatha kuima mwadzidzidzi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, pakati pa Moatize ndi mzinda wa Tete. Zotere zikakugwerani, nazi zoyenera kuchita.

Choyamba, musakaime pamzere wa mathiraki pafupi ndi pamene paduka. Mukangomva kuti kutsogolo sikukudutsika, bwererani ku tauni yomwe mwangoidutsa, kaya ndi Moatize, Zóbuè kapena Ulónguè. Pamzere palibe mthunzi, palibe chimbudzi, ndipo ena akaima pambuyo panu simungatembenukenso. M'tauni muli msika, chipatala ndi mafuta. Pemphani malo pamishoni, panyumba yogona alendo yokhala ndi mpanda, kapena pafupi ndi polisi. Ngati ndi pamudzi, kaonekereni kwa amfumu. Anthu ambiri a kuno timalankhula Chinyanja, mudzamvana nawo bwinobwino.

Kenako fufuzani nkhani yeniyeni. Za pa WhatsApp zimasokoneza. Funsani apolisi apamsewu ndi madalaivala amene akuchokera kutsogoloko, ndipo tcherani Rádio Moçambique, imaulutsanso m'Chinyanja. Funsaninso ngati mlatho wa Kassuende wa pa mtsinje wa Zambezi, womwe unatsegulidwa mu 2014 kumunsi kwa mzinda wa Tete, ukudutsika. Koma wina akakuuzani za kanjira kachidule kowoloka pamadzi, kanani, abale anga. Madzi othamanga ofika m'mawondo amakokolola galimoto, ndipo galimoto yogonamo ndi yaitali, sichedwa kugubuduzika. Bola kuchedwa sabata yathunthu.

Tsopano za ana, poti pagona nkhani ndi pamenepa. Chigwa cha Zambezi chimatentha koopsa, nthawi zina kupitirira madigiri 40. Galimoto yotseka imasanduka ng'anjo, choncho mwana asatsale yekha m'katimo ngakhale kanthawi kochepa. Imikani pansi pa mtengo, yalani mphasa panja, ndipo muziwamwetsa madzi pafupipafupi asanadandaule ludzu. Madzi a m'thanki ya galimoto akhale akumwa ndi kuphikira basi. Osamba ndi ochapira katungeni pamjigo. Amene mwagula m'zigubu awiritseni kapena thiranimo Certeza, mankhwala ofanana ndi WaterGuard wa kwanu, chifukwa madzi akasefukira kolera sakhala patali. Dzuwa likamalowa, onse alowe m'neti. Mwana akatentha thupi pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo akamuyeze malungo, osangomupatsa panado. Ndipo kumtsinje asapiteko: mu Zambezi muli ng'ona.

Mbaula muyatsire panja nthawi zonse, ngakhale mvula ikugwa. Utsi wa makala m'galimoto yotseka umapha anthu ali m'tulo. N'chimodzimodzinso kugona injini ikulira.

Ndalama musinthe zina zikhale za meticais (ndalama za kuno) zing'onozing'ono zogulira kumsika, poti magetsi akathima makina a kubanki sagwira. Gulaninso simu khadi ya Movitel kapena Vodacom kuti achibale azikupezani.

Chomwe ambiri amaiwala ndi mapepala. Tsegulani mapasipoti onse, a ana omwe, muone tsiku limene anakudindirani paboda. Onaninso chikalata cholowetsera galimoto m'dziko muno ndi inshuwalansi yake. Masiku akayandikira kutha msewu usanatsegulidwe, pitani ku ofesi ya Migração, yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, tsikulo lisanafike, kapena bwererani ku Malawi kudzera pa Zóbuè. Masikuwo akapitirira mudzalipira chindapusa potuluka.

Akatsegula, lolani mathiraki atsogole. Inu nyamukani m'mawa mwake kukangocha, mutathira mafuta odzaza thanki, kuti mukafike pa Cuchamano kudakali kowala.