Galimoto ikamanjenjemera itayima injini ikulira, yesani izi musanagule mapulagi

Eni ma Range Rover, BMW X5 ndi Mercedes ML akalewa kuno ku Thyolo, musamangothamangira ku Limbe kukagula mapulagi galimoto ikayamba kunjenjemera pa idling (itayima, injini ikulira). Yambani mwaiyesa panyumba pomwepo.

Injini itenthe kaye. Kokani handibuleki, pondani buleki, muike giya pa N, kenako D, kenako R. Ngati pa N yadekha koma pa D ndi R chiwongolero ndi mpando zikugwedezeka, kayikirani ma mounting a injini (malabala ogwira injini ku thupi la galimoto). Wina ayime m'mbali, osati kutsogolo, boneti ili yotsegula, aone ngati injini ikudumpha mukamasintha giya. Ma mounting ambiri a magalimoto amenewa amakhala ndi mafuta mkati, ndiye mukaona zakuda zitayenderera pansi pake, aphulika basi. Misewu ya m'maesiteti a tiyi imamaliza labala msanga.

Ikamanjenjemera chimodzimodzi pa giya iliyonse, injini ikuphonyaphonya, pamenepo kayikirani mapulagi kapena ma coil (opereka moto ku mapulagi). Ya dizilo ilibe zimenezo, onetsani ma injector (opopera mafuta mu injini). Nyali ya check engine ikamaphethira, musaiyendetse, mupsereza catalytic converter (chosefa utsi cha ku ekizozi) yomwe mtengo wake ndi wowawa.

Yonjenjemera pokhapokha ikuthamanga, injini isiyeni, onani matayala ndi propshaft (chitsulo chachitali cha pansi chotumiza mphamvu ku matayala).