Kudandaula ku CFTC mukagula katundu wakufa

Mwati munagula batire ya sola pa Chitakale, yafa patangotha sabata, ndipo wasitolo akukana kubweza ndalama. Musanayambe, sonkhanitsani lisiti, batireyo, katoni yake ndi zithunzi. Ngati munalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, uthengawo musafufute.

1. Bwererani kusitoloko, mupemphe kuti akusinthireni kapena akubwezereni ndalama. Lembani tsiku ndi zomwe ayankha. Chikwangwani choti "katundu sabwezedwa" chisakuopseni, lamulo silichilola.

2. Akakana, lemberani kalata bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pamalonda la CFTC, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe. Nenani dzina la sitolo, malo, tsiku, mtengo ndi chomwe mukufuna.

3. Phatikizani fotokope ya lisiti. Yeniyeniyo ikhale nanu.

4. Bungwelo limafunsanso wasitolo mbali yake lisanagamule, ndiye musataye mtima.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi apa: amathamangira kwa mmisiri wa pamsika kuti atsegule batireyo aone vuto. Ikangotsegulidwa, wasitolo adzati mwaononga nokha. Isiyeni momwe ilili mpaka nkhani ithe.