Musagulitse jenereta msanga: dongosolo losinthira shopu yanu ku sola kuno ku Joni

Ndimagwira ntchito yoika masola kuno ku Johannesburg, pansi pa bwana wina wa zamagetsi yemwe ali ndi mapepala ake onse. Ambiri mwa akwathu amene amandiimbira foni ndi matelala a ku Mayfair ndi ku Fordsburg, komanso eni masaluni ndi malo ometera a ku Rosettenville ndi ku Turffontein. Funso lawo silisintha: "Achimwene, petulo wa jenereta watimaliza, tigule mapanelo angati?" Yankho langa siliwakomera. Mapanelo amabwera pomaliza, ndipo jeneretayo musaigulitse kaye.

Dongosolo limeneli si langa. Ndi lomwe latsatidwa ndi dziko la United Arab Emirates, kumene mafuta ali mbwee pansi pa mchenga. Kwa zaka zambiri magetsi awo pafupifupi onse ankachokera ku gasi, ndipo gasi wina ankachita kugula ku Qatar kudzera m'paipi ya Dolphin. Mu 2006 boma la Abu Dhabi linakhazikitsa kampani ya Masdar kuti izisamala za magetsi a dzuwa ndi mphepo. Mu December 2009 linapereka kontalakiti kwa a KEPCO a ku South Korea kuti amange malo opangira magetsi a nyukiliya ku Barakah, m'chigawo cha Al Dhafra. Ntchito yomanga inayamba mu 2012, makina oyamba analowa pa gridi, mawaya a magetsi a dziko lonse, mu August 2020, ndipo achinayi anayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2024. Onse anayi pamodzi amatulutsa 5,600 MW (MW imodzi ndi mawati 1 miliyoni), katatu kuyerekeza ndi malo a nyukiliya a Koeberg ku Cape Town, ndipo amapereka pafupifupi kota ya magetsi a dziko lonselo. Masola akuluakulu anabwera pambali pake: Noor Abu Dhabi ya 1,177 MW mu 2019, kenako Al Dhafra ya 2,000 MW mu 2023.

Kuchokera 2009 kufika 2024 ndi zaka 15, ndipo m'zaka zonsezo makina awo a gasi sanawazimitse. Mafutanso sanaleke kukumba. Kampani yawo ya mafuta ya ADNOC ikufuna kufika pa migolo 5 miliyoni patsiku, ndipo pamene msonkhano wa zanyengo wa COP28 unachitikira ku Dubai mu 2023, wapampando wake anali Sultan Al Jaber, mkulu wa ADNOC yemweyo. Anthu ambiri anadandaula, ndipo ine sindinganene kuti anadandaula pachabe. Koma pa nkhani ya kasinthidwe kenikeni anachita mwanzeru: anatenga ndalama za chinthu chakale n'kumangira chatsopano, anaonetsetsa kuti ali ndi magetsi osadalira nyengo, ndipo chakalecho anachisunga kuti chizithandiza pakavuta. Pa shopu yanu muchite chimodzimodzi.

Yambani ndi cholembera ndi pepala. Chipangizo chilichonse chamagetsi chili ndi kachizindikiro kumbuyo kapena kunsi kosonyeza mawati ake. Lembani mawatiwo (W), muchulukitse ndi maola amene chimayaka patsiku, mupeze ma Wh, kutanthauza magetsi amene chimadya patsikulo. Titenge malo ometera: mababu anayi a LED a 10 W kwa maola 10 ndi 400 Wh, TV ya 80 W kwa maola 8 ndi 640 Wh, makina ometera awiri a 15 W kwa maola 5 ndi 150 Wh, ndipo filiji yaing'ono ya zakumwa tingoti imadya 1,200 Wh patsiku. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 2,400 Wh. Tsopano onjezani makina amodzi oumitsira tsitsi a 2,000 W kwa maola awiri okha. Amenewo ndi 4,000 Wh, kuposa zina zonse zija kuphatikiza. Chilichonse chotentha, kaya simbi yositira, ketulo, hita kapena sitovu, ndiye chimamaliza batire. Munthu akandiuza kuti akufuna sola "ya shopu yonse" asanawerengere zimenezi, ndimadziwa kuti akagula kawiri.

Mukawerengera, chepetsani. Apa ndi pamene matelala angapulumutse ndalama zambiri koma ambiri sachita. Makina akuluakulu osokera, aja a Juki ndi anzake, nthawi zambiri amabwera ndi mota ya kilachi ya 400 W. Mukangoyatsa, imayamba kung'ung'udza ndipo siima, ngakhale inu muli pa tebulo kudula nsalu kapena mukukambirana mtengo ndi kasitomala. Mota ya servo imadya magetsi pokhapokha mwaponda. Kuisintha ndi ntchito ya mabauti atatu ndi lamba, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi batire lowonjezera. Mababu akale otentha aja achotseni onse. Filiji ngati labala la chitseko linatha, ikani pepala pakati n'kutseka: likasololoka mosavuta, ndiye kuti mphepo yozizira ikutuluka ndipo kompuresa ikugwira ntchito mosapumira.

Kenako gulani batire ndi inveta, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala onga a pa soketi, mapanelo asanabwere. Pa shopu, batire ndilo limagwira ntchito ya Barakah: limakupatsani magetsi usiku, kukachita mitambo, kapena mbava zikadula kebulo m'dera lanu. Poyamba muzilichaja ndi magetsi a City Power kapena a Eskom omwewo. Inde, kuzimazima kwa load shedding kunachepa kwambiri kuyambira March 2024 poyerekeza ndi mavuto a 2023, koma aliyense wokhala kumwera kwa tauni akudziwa kuti thiransifoma ikapsa mumatha masiku muli mumdima.

Inveta ikhale ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala ngati a boma. Zotchipa zija za modified sine wave zimatenthetsa mota za filiji ndi za makina osokera, ndipo mumamva phokoso lachilendo zikamayenda. Gulani ya hybrid, yomwe ili kale ndi polowetsera mapanelo, kuti tsiku lodzaika sola musadzagulenso ina. Pa batire, la lithium la 51.2 V ndi 100 Ah limasunga 5.12 kWh, kutanthauza 5,120 Wh, ndipo pa malo ometera aja likhoza kukufikitsani tsiku lathunthu mpaka lotsatira bola makina oumitsira tsitsi asakhalepo. Mabatire a gel ndi a asidi amaoneka otchipa pa shelefu, koma muyenera kugwiritsa ntchito theka lokha la mphamvu yake. Mukamawakhetsa mpaka pansi tsiku ndi tsiku, chaka sichitha asanafe. Batire la galimoto musayese n'komwe, silinapangidwire ntchito imeneyi. Ndipo mukaona wina akugulitsa batire la lithium pa Facebook pa mtengo wodabwitsa, lopanda lisiti, lopanda waranti, kumbukirani kuti mabatire ambiri amabedwa pa nsanja za mafoni. Mlendo ukapezeka ndi katundu wotero, nkhani yake siithera pa batire lokha.

Zinthu zotentha zija zisiyeni pa waya wa magetsi a boma, zisadutse pa inveta. Wamagetsi amagawa bolodi pawiri, mbali ya zofunikira ndi mbali ya zolemera. Magetsi akazima ndipo kasitomala akufuna kuumitsa tsitsi kapena suti ikufunika kusita, apo ndi pamene jenereta yanu imalira kwa mphindi 30, osati tsiku lonse. Petulo amene munkamaliza pa masiku awiri amayamba kukhala milungu. Ndalama yotsalayo muziika padera, ndiyo ya mapanelo. Jenereta izilira panja nthawi zonse, kutali ndi windo. Utsi wake woopsawo sununkha, ndipo wapha anthu ali mtulo.

Tsopano mapanelo. Kuno ku Johannesburg dzuwa lamphamvu timaliwerengera maola pafupifupi 5 patsiku. Panelo la 550 W likhoza kupereka 2,750 Wh pa pepala, koma mukachotsa zotayika m'mawaya, kutentha ndi fumbi, yembekezerani pafupifupi 2,200 Wh. Pa chitsanzo chathu mapanelo awiri akanakwana, koma funsani kaye za inveta yanu, chifukwa zina siziyamba kuchaja voteji ikapanda kufika pa mlingo wake, ndipo mungafunike atatu kapena anayi olumikizidwa mondondozana. Ayang'ane kumpoto, opendekeka madigiri pafupifupi 26. Mukatumiza ena kumudzi, nakonso ayang'ane kumpoto, koma kupendekeka kuchepe, chifukwa Lilongwe ili pa madigiri 14. Kwerani padenga m'mawa, masana ndi madzulo muone mthunzi. Kamthunzi ka dishi ya DStv kokha kakagwera pa ngodya ya panelo limodzi, mzere wonse umafooka.

A ku Emirates mdani wawo wamkulu ndi mchenga, mpaka amagwiritsa ntchito maloboti otsuka mapanelo opanda madzi. Ife kuno fumbi limavuta m'nyengo yozizira, kuyambira May mpaka August pamene mvula kulibe. Tsukani ndi madzi ndi nsalu yofewa m'mamawa galasi lisanatenthe. M'chilimwe vuto ndi mphenzi ndi matalala. Musalole kuti akuikireni sola popanda surge protection, chotetezera zipangizo magetsi akakwera mwadzidzidzi, ndi waya wa earth wolumikizidwa bwino, chifukwa mphenzi za kuno zimaotcha inveta ngakhale zitagwa patali.

Chinthu chimene akwathu ambiri amachithawa ndi mapepala. Ngati inveta ilumikizidwa ku bolodi la nyumba, ntchitoyo iyenera kusainidwa ndi wamagetsi wolembetsedwa, akupatseni CoC, satifiketi yosonyeza kuti mawaya aikidwa motsatira malamulo, ndipo sola yolumikizana ndi gridi imafunika kulembetsedwa kwa City Power kapena Eskom, malinga ndi amene amakupatsani magetsi. Moto ukabuka popanda CoC, a inshuwalansi akhoza kukana kulipira, ndipo alandilodi adzaloza inu. Alandilodiwo kambiranani nawo musanaboole denga lawo, mulemberane kuti zipangizozo ndi zanu ndipo mudzazichotsa posamuka. Akakana, pali mainveta a matayala okhala ndi batire m'kati, ongolumikiza pa soketi. Amenewo safuna kuboola khoma, ndipo tsiku losamuka amakwera bakkie limodzi ndi makina osokera.