Dzino likabenthuka muli kunja, musadikire ulendo wa kumudzi

Abale athu a ku Salima ndi Nkhotakota amene muli ku Joni, ku Cape Town, ku UK ndi kwina konse, pali mawu amene timawamva kawirikawiri mukatiimbira foni: "Dzino linabenthuka koma silikupweteka, ndidzalionetsa ndikadzabwera mu Disembala." Mawu amenewa azulitsa mano ambiri omwe akanapulumuka. Chifukwa chake n'chomveka ndithu. Ndalama ya kwa dotolo wa mano ikulimbirana ndi lendi, fizi ya ana ndi feteleza wa amayi kumudzi, ndipo kwa ambiri tsiku lojomba kuntchito ndi tsiku lopanda malipiro. Koma fupa likathyoka limalumikizika, bala limapola, pomwe dzino likabenthuka silidzimata lokha ngakhale mutadikira zaka.

Kunja kwa dzino kuli chikuto choyera chotchedwa enamel, ndipo palibe chinthu cholimba kuposa icho m'thupi la munthu. Pansi pake pali gawo lachikasu, lofewerapo, lodzaza ndi timabowo tosaoneka ndi maso tolowera m'kati, momwe muli mitsempha ya magazi ndi ya ululu. Ngati chabenthuka ndi chikuto chokha, ntchito yake ndi yochepa: dotolo amasalaza pakuthwapo, kapena amamatapo mankhwala amtundu wa dzino n'kuwaumitsa ndi kagetsi ka buluu, ulendo umodzi basi. Mukaona chikasu pamalo pobenthukapo, kapena tiyi wotentha ndi madzi ozizira zikayamba kukulasani, dziwani kuti njira yolowera m'kati yatseguka, pitani sabata yomweyo. Pakaoneka kadontho kofiira pakati, kapena magazi akutuluka m'dzino mwenimwenimo, mtsempha uli pamtunda ndipo nkhaniyo ndi ya tsiku lomwelo.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ululu umene umatha wokha. Munthu amavutika masabata angapo, akumwa panado, kenako dzino limakhala chete, iye n'kumati lapola. Nthawi zambiri kumakhala kuti mtsempha wafa. Dzino limayamba kuda pang'onopang'ono, tizilombo timatsikira kunsonga ya muzu, mafinya amasonkhana, ndipo pankhama pamatuluka kachithupsa kophulika n'kubweranso. Zikafika apa kumata sikuthandizanso. Pamafunika root canal, komwe amachotsa mtsempha wakufawo, kutsuka m'muzu ndi kutseka, kawirikawiri n'kuvekanso dzinolo chisoti. Zimenezi ndi maulendo angapo komanso ndalama zochuluka kuposa zomata zija kangapo. Amene alibe ndalamazo amazulitsa, ndipo mano oyandikana ndi mpatawo amayamba kupendekera momwemo. Msodzi wa ku Senga Bay akaona mng'alu pabwato amaumata lisanalowe m'madzi, chifukwa amadziwa kuti mafunde amangoukulitsa. Kutafuna kumachitanso zomwezo pa dzino long'aluka.

Dzino likangobenthuka, tsukuluzani m'kamwa ndi madzi ofunda othira mchere. Chidutswacho mukachipeza, chiikeni m'kabotolo ka mkaka, chifukwa nthawi zina dotolo amatha kuchimatanso. Ngati pakuthwapo pakucheka lilime kapena tsaya, phimbanipo ndi chingamu chopanda shuga, kapena gulani phula la mano ku famase. Tafunirani mbali inayo. Panado kapena brufen zimachepetsa ululu, koma brufen si wa munthu wa zilonda za m'mimba, ndipo mayi woyembekezera ayambe wafunsa kuchipatala. Musapake asipirini pankhama, amawotcha. Supagulu, mafuta a buleki ndi madzi a m'batire, zomwe ena amalangizana m'ma hostel, zisayandikire m'kamwa mwanu. Dzino la munthu wamkulu likazuka lonse, ligwireni kumutu osati kumuzu, litsukeni pang'ono ndi mkaka ngati lada, libwezereni pamalo pake kapena liikeni mumkaka, ndipo fikani kwa dotolo ola limodzi lisanathe. Dzino la mkaka la mwana lokha silibwezeredwa.

Nanga kopita n'kuti? Ku South Africa makiliniki ambiri a boma ali ndi mbali ya mano, ngakhale ntchito yaikulu kumeneko imakhala kuzula, ndiye ndi bwino kulawirira ndi kufunsa ngati amamata. Kuli zipatala zophunzitsira madotolo a mano zomwe mitengo yake imakhala yotsikirapo kuposa kwa dotolo wolipira payekha: Wits Oral Health Centre ku Johannesburg, chipatala cha mano cha University of Pretoria, ndi cha University of the Western Cape ku Tygerberg ndi ku Mitchells Plain. Ophunzira amagwira ntchito moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo. Chofunika n'kuleza mtima ndi mzere. Ngati dzino linathyoka muli pantchito, mwina mwagwa pa sikafodi kapena chitsulo chakumenyani, uzani abwana tsiku lomwelo ndipo zilembedwe, chifukwa lamulo la COIDA limalipirira ovulala pantchito, ndipo kuyambira 2020 ogwira ntchito zapakhomo nawonso alimo.

Amene muli ku England, Scotland kapena Wales, imbani 111, nambala ya chithandizo cha zaumoyo, ngati mulibe dotolo wa mano ndipo zavuta. Kumbukirani kuti ndalama ya zaumoyo yomwe munalipira potenga visa sichotsa malipiro a mano a NHS, zipatala za boma za kumeneko. Ku England kumata, root canal ndi kuzula zonse zili m'gulu la malipiro lotchedwa Band 2, chisoti chili mu Band 3 yomwe ndi yodula kwambiri. Ana osafika zaka 18, amayi oyembekezera ndi amene abereka m'miyezi 12 yapitayi salipira, ndiye achemwali amene muli ndi khanda, mwayi ndi umenewo.

Tsopano za kumudzi kuno. Dziko lathu linayamba kuphunzitsa madotolo a mano a digiri mu 2019 ku College of Medicine, yomwe lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, ndipo akadali ochepa. M'zipatala za m'maboma ogwira ntchito za mano amayesetsa, koma odwala ambiri amafika mochedwa, dzino litaola kale, ndiye chotsala chimakhala kuzula. Root canal ndi chisoti mudzazilondola ku Lilongwe, ndipo tchuthi cha masabata awiri chodzaza ndi zinkhoswe, maliro ndi kuona malo omanga sichikwanira maulendo amenewo. Mukamati mudzakonzetsa kwathu, nthawi zambiri mukutanthauza kuti mudzazulitsa kwathu.

Tsaya likatupa mpaka kudiso kapena kukhosi, thupi likatentha, mukamalephera kuyasamula, kumeza kapena kupuma bwino, musafunenso dotolo wa mano, thamangirani ku casualty usiku womwewo. Mafinya a dzino akafalikira kukhosi amatseka mpweya, ndipo amapha. Musaope za mapepala pa nthawi ngati iyi: gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi. Odwala shuga asamale koposa, chifukwa matenda otere amawayenderera msanga.

Mpunga wa ku Nkhotakota umene tikukutumizirani pabasi uja, muziusankha miyala musanaphike, ndipo botolo lili ndi chotsegulira chake. Nzimbe ndi chimanga chokazinga zisiyeni kaye mpaka dzino litakonzedwa. Mukafika kwa dotolo, musangovomera kuzula chifukwa n'kotchipa. Mufunseni ngati dzinolo lingapulumuke, akulembereni mtengo wa njira iliyonse, ndipo ngati ndalama sizikukwana lero, pemphani akumatireni kongoyembekezera kuti tizilombo tisalowe pamene mukudikira malipiro a kumapeto kwa mwezi.