Kusankha mabuku a zithunzi oti mwana wamng'ono ndi kholo asangalale nawo, kuphatikizapo a Chiyuda

Mwana wa zaka ziwiri akakonda buku, kuwerenga kamodzi sikumukwana. Muliwerenga lero, mawa, mkuja, ndipo mukangotseka tsamba lomaliza akuti "bwerezaninso." Ndiye posankha musamangoganiza za mwana yekha. Dzifunseni ngati inuyo mungaliwerenge mokweza madzulo aliwonse kwa mwezi wathunthu osayamba kudumpha masamba. Kholo likatopa ndi buku mawu amazizira, mwana amazimva msanga, basi n'kutsika pamiyendo kukasewera ndi zitsekero za mabotolo.

Liyeseni ndi pakamwa musanalipire

Kaya muli kwa ogulitsa mabuku akale m'tauni muno mu Zomba, kaya mukubwereka ku laibulale, tsegulani buku pakati ndipo muwerenge masamba atatu motulutsa mawu, ngakhale chapansipansi. Maso amanama, lilime silinama. Pamene mwapunthwa lero mudzapunthwa pomwepo usiku uliwonse.

Kenako onani kuchuluka kwa mawu. Kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka ziwiri, liwu limodzi kapena chiganizo chimodzi pa tsamba n'chokwanira. Wa zaka ziwiri mpaka zitatu amapirira ziganizo ziwiri kapena zitatu. Buku lonse lithe pa mphindi zitatu kapena zisanu. Mabuku ambiri a zithunzi amakhala ndi masamba 32, ndipo ngati tsamba lililonse lili ndi ndime yathunthu, limenelo ndi la mwana wa zaka zisanu, lisungeni kaye.

Tsopano phimbani mawu ndi dzanja muone zithunzi zokha. Kodi mukutha kutsata zomwe zikuchitika? Mwana wanu amawerenga zithunzi, osati zilembo. Kwa wamng'ono kwambiri pakhale chinthu chimodzi chachikulu choonekera bwino, monga galu, kapu, kapena nkhope ya mwana mnzake akulira. Akamayandikira zaka zitatu amakonda tinthu tobisika m'makona: kambewa kamene kakuba chakudya pa tsamba lililonse koma mawu osakatchula. Tinthu totere ndi timene timapulumutsanso kholo, chifukwa pa ulendo wa khumi mumapezabe chachilendo choti museke.

Chachikulu koposa ndi mawu obwerezabwereza. Nthano zathu zimagwira ana chifukwa womvera ali ndi gawo lake, wina akati "padangokhala" iye amayankha "tili tonse." Buku labwino la ana aang'ono limachita chimodzimodzi. Pamakhala chiganizo chimene chimabwerera pakapita masamba awiri aliwonse, mpaka tsiku lachitatu inu mumangoyamba, mwana n'kumaliza. Buku lopanda poyankhira mwana limasanduka ulaliki. Samalaninso ndi mabuku amene cholinga chake chonse ndi kuphunzitsa khalidwe, aja oti mwana wosamvera wagwa m'dzenje ndipo tsamba lomaliza likumudzudzula. Akuluakulu amawagula mokondwa, ana sawapemphanso kachiwiri.

Chiyankhulo

Mabuku ambiri amene mungawapeze ndi a Chingerezi. Palibe vuto kuwawerenga m'Chichewa, kapena m'Chiyao ngati ndicho cha pakhomo, koma pali msampha. Mukamamasulira pamtima, lero munena mwina mawa mwina, ndipo mwana amakwiya chifukwa iye akudikira mawu omwe aja a dzulo. Khalani pansi tsiku limodzi, lembani Chichewa chake ndi pensulo m'munsi mwa tsamba lililonse, kuti bambo, mayi ndi wantchito azinena zofanana. Mabuku a ndakatulo za Chingerezi, amene kukoma kwake kuli pa kufanana kwa mawu kumapeto kwa mizere, akamasuliridwa amasukuluka. Amenewo awerengeni momwe alili kapena asiyeni. Ndipo mukapeza buku la zithunzi zokhazokha lopanda mawu, musaliyese losakwanira. Limenelo ndi la agogo, amene mwina maso kapena sukulu sizikuwalola kuwerenga, koma nthano amaidziwa kuiyala kuposa tonsefe.

Mabuku a Chiyuda

Mabanja ena amawafuna chifukwa ali ndi achibale a Chiyuda, ena chifukwa akufuna mwana adziwe kuti anthu amene amawamva m'Baibulo alipo mpaka lero, amadya, amaseka, amalera ana. Muyezo wake ndi womwe uja: nkhani iyambe yakoma, kuphunzira kubwere pambuyo.

Amene amayenda bwino ndi ana aang'ono ndi a mitundu iwiri. Woyamba ndi wa nthano za Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya, zomwe zinkakambidwa m'chiyankhulo cha Yiddish. Ina ndi ya bambo wosauka amene akudandaula kwa rabi, mphunzitsi wa chipembedzo cha Chiyuda, kuti nyumba yamuchepera. Rabi akumuuza kuti alowetsemo nkhuku, kenako mbuzi, kenako ng'ombe, ndipo phokoso litafika posauzana akumuuza kuti azitulutse zonse. Mwadzidzidzi nyumba ija yakula. Mwana amakondwa ndi kulira kwa ziweto, kholo limaseka chifukwa likudziwa bwino za nyumba ya zipinda ziwiri yodzaza alendo. Ina ndi ya chovala chimene chikatha chimasokedwa kukhala china chocheperako. Buku la Simms Taback lotchedwa Joseph Had a Little Overcoat, limene linapata mendulo ya Caldecott mu 2000 (mphoto ya ku America ya buku la zithunzi lopambana pa chaka), lachokera pa nyimbo ya Yiddish yotere: chikhothi chimasanduka jekete, kenako n'kumachepa mpaka kutsala batani. Masamba ake ali ndi mabowo odulidwa dala, moti mwana amasuzumira n'kulota chovala chotsatira. Pakhomo pamene chitenje chimayamba ndi cha kutchalitchi, n'kukhala mbereko, n'kuthera pa chopukutira pansi, nkhaniyi sifuna kufotokozera.

Mtundu wachiwiri ndi wa Sabata ndi zikondwerero. Yambani ndi la Sabata, tsiku lopuma la Ayuda loyamba Lachisanu madzulo mpaka Loweruka madzulo, chifukwa limabwera mlungu uliwonse ndipo zinthu zake ndi zochepa zoti mwana aloze: makandulo awiri oyatsidwa Lachisanu dzuwa lisanalowe, buledi wolukidwa wotchedwa challah, chikho cha vinyo kapena madzi a mphesa, banja patebulo. La Hanukkah ndi labwino pophunzira kuwerengera, poti chikondwererochi chimatenga masiku 8 ndipo usiku uliwonse amawonjezera kandulo imodzi pa choikapo cha nthambi 9. Yachisanu ndi chinayi ndi yoyatsira zinzake. Ambiri mwa mabuku amenewa anajambulidwa ku America, ndiye mudzaona chipale chofewa pawindo, pamene kuno nthawi imeneyo, kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, ndi ya mvula ndi mango. Muuzeni mwana kuti kwawoko kukuzizira, nkhani ipitirire. Sukkot ndi chikondwerero cha misasa, chimagwa mu Seputembala kapena Okutobala, ndipo mwana aliyense amene amamanga timanyumba ta masanje amachimva msanga. Mabuku a Purim, nkhani ya Estere, ndi a Pasika, chikumbutso cha kutuluka mu Igupto, nthawi zambiri amakhala ndi mawu ochuluka komanso mfumu yoopsa. Kwa wa zaka ziwiri sankhani amene akungoonetsa zovala, nyimbo ndi chakudya.

Pali zinthu zingapo zoti mudziwe musanadabwe. Buku la Chiheberi limawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo limatsegukira mbali imene ife timati kumapeto. Sanalakwitse posindikiza. Mukapeza buku la chizindikiro cha PJ Library, pulogalamu imene inayamba ku Massachusetts mu 2005 yotumiza mabuku aulere ku mabanja olera ana a Chiyuda, yang'anani mkati mwa chikuto, chifukwa amaikamo mawu ofotokozera makolo za mwambo umene uli m'bukumo. Werengani amenewo panokha kaye. Musayembekezere kupezamo Yesu, ndipo si bwino kuwasandutsa phunziro la Sande sukulu. Auzeni ana kuti umu ndi mmene banja ili limapempherera, monga mmene mumawafotokozera za anzawo amene amapita ku mzikiti Lachisanu. Buku limene lili ndi mapemphero ndi dzina la Mulungu m'Chiheberi, Ayuda saliika pansi kapena kulitaya kudzala, ndiye limenelo lisakhale la m'dengu la zoseweretsa.

Buku la zithunzi silikhala la ana aang'ono nthawi zonse. Mukaona nyenyezi yachikasu yosokeredwa pa malaya, waya waminga kapena sitima yodzaza anthu, imeneyo ndi nkhani ya kuphedwa kwa Ayuda 6 miliyoni mu ulamuliro wa chipani cha Nazi cha ku Germany, chotsogozedwa ndi Hitler. Ndi yofunika, koma idikire mwana akule. Buku lakale lojambula Myuda ngati wadyera wa mphuno yokhota lisiyeni pomwepo, monga mmene mungasiyire lojambula munthu wakuda monyoza.

Ana amatsanzira zimene aona. Mukawerenga za makandulo, kumbukirani kuti magetsi akazima kandulo ndi machesi zimakhala patebulo, zikwezeni pamwamba. Buku la chaka chatsopano cha Ayuda, Rosh Hashanah, limaonetsa ana akuviika apozi mu uchi. Wa zaka ziwiri angalawe, koma khanda losakwana chaka lisapatsidwe uchi, chifukwa ungakhale ndi tizilombo toyambitsa matenda oopsa olefula thupi otchedwa botulism.

Thupi la buku

Mwana wosakwana zaka ziwiri amaluma, amakoka, amadontheza dovu. Mupezereni la masamba a katoni yolimba, limene ogulitsa amati board book, la makona obulungira. Pa buku lakale werengani manambala a masamba kapena tsatirani nkhani mpaka kumapeto, chifukwa tsamba limene limasowa kawirikawiri ndi lomaliza kapena lapakati penipeni, pamene pali mawaya omangira. Mawayawo akachita dzimbiri amathyoka n'kubaya zala. Achotseni, musoke ndi ulusi wolimba m'mabowo omwewo. Linunkhizeni: fungo la nkhungu silichoka, ndipo buku lotero limapatsira anzake. Mabuku oimba okhala ndi timabatire tozungulira ngati ndalama yachitsulo ndi oopsa ngati chotsekera chake chilibe sikuluwu, pakuti mwana akameza batire lotere limawotcha kummero m'maola ochepa.

Chinyezi cha Zomba m'miyezi ya mvula, makamaka kufupi ndi phiri, chimafufumitsa mapepala, ndipo chiswe chimalowa m'katoni yoikidwa pansi. Sungani mabuku m'bokosi la pulasitiki lotsekeka, kutali ndi khoma, ndipo dzuwa likawala muwayanike pamthunzi podutsa mphepo. Kunja kwa bokosi kukhale anayi kapena asanu okha amene mwana angafikire, n'kumawasintha pakatha milungu iwiri. Akachuluka amangowamwaza. Pong'ambika matani selotepi yaikulu mbali zonse ziwiri tsiku lomwelo, kusiya mpaka mawa ndiye kuti tsamba lapita.

Ngati mabuku a Chichewa akusowa, pa intaneti pali African Storybook ndi Bloom Library, kumene kuli mabuku aulere m'ziyankhulo za mu Africa. Posaka yesani mayina onse awiri, Chichewa ndi Nyanja, podziwa kuti ena analembedwa m'Chinyanja cha ku Zambia ndipo mawu ena mungafune kuwasintha ndi cholembera. Sindikizani pa pepala la A4, lowetsani masamba awiri chofulatirana m'kathumba ka pulasitiki koikamo zikalata, matani kukamwa kwake ndi selotepi, kenako mangani timathumba tonse ndi kachingwe kakafupi m'mabowo a m'mbali. Inki ya makina ambiri a m'nyumba imasungunuka ikakhudza madzi, ndiye musadumphe kathumbako.