Kutumiza mwana ku Japan kukakhala ndi banja pa tchuthi cha Julayi ndi Ogasiti

Musanayambe, konzani pasipoti, lipoti la kusukulu, kalata ya dokotala ndi chilolezo cholembedwa cha makolo.

1. Sankhani bungwe lodziwika lotumiza ana asukulu kukakhala ndi mabanja a m'mayiko ena, monga AFS kapena YFU. Funsani kaye ngati limatenga ana ochokera m'dziko lomwe mukukhala, komanso a zaka zingati.
2. Lembetsani kudakali miyezi ingapo, malo amatha msanga.
3. Mwana alembe yekha kalata yodzifotokoza. Ambiri amalakwa apa. Amabisa zakudya zomwe zimamuwenga, kapena zoti amaopa agalu, poganiza kuti angamukane. Komatu bungwe limasankha banja potengera kalatayi, ndiye mwana amene sadya nsomba akabisa, akavutika tsiku lililonse.
4. Pemphani viza ya ulendo wosapitirira masiku 90 ku ofesi ya kazembe wa Japan, monga ya ku Lilongwe. Tengani kalata yoitanira ndi ndondomeko ya ulendo.
5. Longedzani zovala zopepuka, kumatentha kupitirira madigiri 30. Kamphatso ngati tiyi wa ku Thyolo n'kokwanira. Nyama ayi, amalanda pabwalo la ndege.
6. Muuzeni azivula nsapato pakhomo, ndipo azisamba kaye asanalowe m'bafa, chifukwa madzi ake amagwiritsa ntchito banja lonse.