Mmene koleji ya ntchito zamanja ingagwiritsire ntchito magalasi a VR pophunzitsa kuwotcherera

Aliyense amene anaphunzitsapo kuwotcherera zitsulo amadziwa kuti masabata oyambirira ndi amene amadya chuma cha koleji, chifukwa wophunzira watsopano amangokakamiza ndodo pachitsulo, amaboola mapuleti, ndipo paketi ya ndodo zowotcherera za mtundu wa 6013 imatha asanatulutse mzere umodzi wowongoka. Apa m'pamene magalasi a VR ali ndi phindu lenileni. Awa ndi magalasi ovala kumutu amene amaphimba maso onse awiri n'kuonetsa wophunzira malo ogwirira ntchito opangidwa ndi kompyuta, pamene zogwirira za m'manja zikutsatira mmene dzanja lake likuyendera. Ndikulembera makamaka inu aphunzitsi ndi akuluakulu a madipatimenti muno mu Harare, ndipo mfundo yanga ndi yakuti VR itenge gawo la kubwereza koyamba ndi la ntchito zoopsa, koma wophunzira asachedwe kubwerera ku chitsulo chenicheni.

Musanafunse mtengo wa chipangizo chilichonse, tengani silabasi ya HEXCO (bungwe loyendetsa mayeso a m'makoleji) ya kosi imene mumaphunzitsa, kaya ndi ya National Certificate kapena National Diploma, ndipo musankhe luso limodzi lokha limene ophunzira ambiri amakanika chaka ndi chaka. Luso loyenera VR ndi lija limene limafuna kubwerezedwa kambirimbiri, limene limaononga zipangizo, kapena limene kulakwitsa kwake kungavulaze munthu. Kuwotcherera kuli m'gulu limeneli, chimodzimodzinso kupopera penti pagalimoto, kuzimitsa ndi kutseka magetsi amphamvu munthu asanagwire mawaya, ndi kugwira ntchito pamalo okwera. Kupala thabwa kapena kuyala njerwa sikufuna magalasi, pakuti thabwa ndi njerwa n'zosavuta kupeza ndipo dzanja limaphunzira msanga likagwira chinthu chenicheni.

Zipangizo zili m'magulu awiri. Pali makina opangidwira kuwotcherera basi, monga VRTEX ya kampani ya Lincoln Electric ndi Soldamatic ya kampani ya ku Spain yotchedwa Seabery, ndipo awa amabwera ndi chisoti komanso chogwirira chofanana ndi chenicheni, koma mtengo wake umafika madola masauzande ambiri. Gulu lachiwiri ndi la magalasi wamba oima paokha osafuna kompyuta, monga Meta Quest 3 amene anatuluka mu 2023 ndi Quest 3S amene anatuluka mu 2024 pa mtengo woyambira pa madola 299 ku America, ngakhale kuti pofika kuno mtengowo umakwera chifukwa cha msonkho ndi mayendedwe. Kwa koleji imene ikungoyamba kumene, ine ndimaona kuti ndi bwino kugula magalasi wamba ochepa, mwina anayi kapena asanu, n'kuwayesa pa kalasi imodzi kwa temu yathunthu. Funsani wogulitsa mafunso awiri ndipo mayankho ake alembedwe papepala: ngati pulogalamuyo imagwira ntchito popanda intaneti, komanso ngati laisensi yake imalipiridwa kamodzi kapena chaka chilichonse. Laisensi ya chaka ndi chaka ikaiwalika mu bajeti, magalasi amangotsekeredwa m'kabati chaka chachiwiri. Pofunafuna ndalama, kumbukirani kuti olemba anthu ntchito m'dziko muno amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku thumba la ZIMDEF, limene cholinga chake ndi kutukula maluso, choncho pempho lanu lionetse bwino luso limene mukufuna kukonza ndi kuchuluka kwa zipangizo zimene zidzapulumuke.

Chipinda chikhale chopanda mipando pakati, ndipo wophunzira aliyense akhale ndi malo osachepera mamita 2 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi, ojambulidwa pansi ndi penti kapena tepi. Magalasi amalola kuti mujambule malire a malowo mkati mwake, kotero kuti wophunzira akayandikira khoma amaona mpanda wa mizere ukutulukira patsogolo pake. Chinthu chimene ambiri sachidziwa ndi chakuti dzuwa likawomba mwachindunji pa malenzi limatha kutentha sikirini ya mkati pa kanthawi kochepa, ndipo chilema chimenecho sichichoka. Ndi dzuwa la mwezi wa Okutobala muno mu Harare, magalasi osiyidwa pawindo nthawi ya nkhomaliro akhoza kuonongeka kalasi isanabwerere. Asungeni m'bokosi lotseka, kutali ndi fumbi la chopukusira zitsulo.

Nkhani ya magetsi ndi yofunika kuiganizira pachiyambi pomwe. Batire ya magalasi amenewa imakhala pafupifupi maola awiri, ndipo kuitchaja kumatenganso nthawi yofanana nayo, choncho atchajeni usiku kapena m'mawa kwambiri, ndipo ngati koleji ili ndi sola ndi inverter, soketi za chipinda chimenechi zilumikizidwe kumeneko. Ubwino wake ndi wakuti magalasi amadya magetsi ochepa kwambiri poyerekeza ndi makina owotcherera, kotero tsiku limene magetsi athima ndipo kushedi yowotcherera kuli zii, phunziro la VR likhoza kupitirira.

Tsopano pa phunziro lenilenilo, limene ndi mtima wa nkhani yonseyi. Mphunzitsi ayambe iye mwini kuvala magalasi ndi kuchita ntchitoyo mpaka aizolowere, chifukwa ophunzira amazindikira msanga munthu amene akuwauza zinthu zimene iye sanaziyesepo. Tsiku loyamba wophunzira avale kwa mphindi 10 kapena 15 zokha, atakonza kaye mtunda wa pakati pa malenzi kuti ugwirizane ndi maso ake, pakuti zithunzi zikakhala zosaoneka bwino mutu umayamba kuwawa. Agawidwe awiriawiri: mmodzi wavala, mnzake waima pambali kumuteteza kuti asagunde kanthu, kwinaku akuonerera pa TV kapena pa laputopu zimene mnzakeyo akuona. Woonererayo asangoima, koma apatsidwe pepala lolembapo zinthu zinayi zimene pulogalamu yowotcherera imayeza, zomwe ndi kupendekeka kwa ndodo poyerekeza ndi chitsulo, kupendekeka kwake potsata kumene ikulowera, mtunda wa pakati pa nsonga ya ndodo ndi chitsulo, ndi liwiro la dzanja.

Mukayang'anitsitsa wophunzira watsopano mudzaona kuti amayamba bwino, koma akafika pakati pa mzere chigongono chimanyamuka, nsonga ya ndodo imatalikira chitsulo, ndipo dzanja limathamanga kuti amalize msanga. Pa makina enieni zimenezi zimaoneka pambuyo pake, akagogoda ndi hamala makoko ouma pamwamba pa powotcherera n'kupeza mzere wowonda wodzaza timabowo, ndipo nthawi zambiri sadziwa kuti zinalakwika pati. M'magalasi, chizindikiro chimasintha mtundu nthawi yomweyo dzanja likasokera, ndipo mphunzitsi akhoza kubwezera chithunzi n'kumuonetsa malo enieni amene chigongono chinanyamukira. Ayambe ndi mzere wa pamalo ogona, kenaka wopingasa, woimirira, ndipo wa pamwamba pa mutu ukhale womaliza. Mapulogalamu ambiri amaonetsa mivi ndi mizere yotsogolera dzanja, ndipo ndikupemphani kuti muzichotsa zothandizira zimenezi pang'onopang'ono, chifukwa wophunzira amene wazolowera kutsatira muvi amasowa pogwira akavala chisoti chakuda momwe mulibe muvi uliwonse.

Ikani malire omveka, mwachitsanzo kuti wophunzira akapeza malikisi amene mwagwirizana katatu motsatizana popanda zothandizira, apite kushedi sabata yomweyo. Musadikire kutha kwa temu. Magalasi sapereka kutentha, utsi, nthethe zolowa m'kolala, kulemera kwa chingwe, kapena kukakamira kwa ndodo ya 7018 imene yayamwa chinyontho, ndipo zonsezi wophunzira adzakumana nazo pa mayeso oyesa luso la ntchito otchedwa trade test, kuyambira Class 4 mpaka Class 1. Muwavekenso magolovesi ndi ovolosi ngakhale m'chipinda cha VR, kuti dzanja lizolowere kugwira ntchito lili m'chikopa ndiponso kuti chizolowezi chodziteteza chisasiyidwe pakhomo.

Mapulogalamu ambiri amalankhula Chingerezi chokha, ndipo ena mwa achinyamata athu ochokera ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Epworth, amene kunyumba amalankhula Chichewa kapena Chishona, ali ndi manja aluso koma amachita manyazi kufunsa. Afotokozereni malangizo onse m'chinenero chimene akumva bwino asanavale magalasi, chifukwa munthu akaphimbidwa maso zimamuvuta kumvetsera mawu awiri nthawi imodzi. Wina akamva chizungulire, nseru kapena kutuluka thukuta lozizira, avule pomwepo n'kukhala pansi, ndipo asaloledwe kugwira makina aliwonse mpaka atapeza bwino. Amene amadwala khunyu afunse kaye kwa dokotala. Pukutani mbali yokhudza nkhope wophunzira wina asanavale, ndipo amene maso ake afiira ndi matenda adikire kaye. Malenzi apukutidwe ndi kansalu kofewa kouma, osati ndi sipiriti.

Temu ikamatha, yerekezani kalasi imeneyi ndi ya chaka chatha pa zinthu zimene mungathe kuziwerenga: mapaketi a ndodo ndi mapuleti amene atuluka m'sitolo ya koleji, masiku amene wophunzira watenga kuti atulutse mzere wovomerezeka pa chitsulo chenicheni, ndi zotsatira za kuyesa kopinda chitsulo chowotchereredwa. Mayeso a chitsulowo aperekedwe kwa mphunzitsi wina amene sakudziwa kuti ndani anadzera m'magalasi, ndipo manambala amenewo ndi amene mupite nawo kwa mkulu wa koleji pokapempha kuti muwonjezere magalasi kapena muyambe luso lachiwiri.